Ofesi ya kazembe ikaphulitsidwa ndi bomba la asilikali, amayankha mlandu ndani?

"Mwana wanga wamkazi ndi mlembi pa ofesi ya kazembe wathu m'dziko lina kumene mabomba akhala akugwa. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti ali pamalo otetezeka, poti ndinamva kuti palibe dziko lololedwa kukhudza ofesi ya kazembe. Koma mchimwene wake wandiuza kuti mu 1999 ndege ya America inaphulitsa ofesi ya kazembe wa China ku Belgrade, anthu anafa, ndipo palibe anamangidwa. Kodi n'zoona? Zotere zikachitika, ndiye kuti mayiko awiriwo ayamba nkhondo? Nanga mwana wanga atavulala, tingakasume kuti?" Mayi wosowa tulo

Mayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhaleko m'malo. Zimene wakuuzani mwana wanu wamwamuna n'zoona, koma si zochitika kawirikawiri. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa malamulo a pakati pa mayiko ndi kulangiza anthu opita kukagwira ntchito za ukazembe, nkhani za asilikali a boma kuponya bomba pa ofesi ya kazembe n'zowerengeka. Ngakhale nkhondo itafika povuta, akuluakulu a asilikali amakhala ndi mndandanda wa malo osayenera kuwomberedwa, ndipo maofesi a akazembe amakhala pamenepo limodzi ndi zipatala ndi nyumba zopemphereramo. Sikuti amachita izi chifukwa cha chifundo. Dziko lililonse lili ndi anthu ake m'mizinda ya eni, ndipo limadziwa kuti likazoloweretsa zopha kazembe wa mnzake, mawa wophedwayo akhala wake.

Koma chitetezo chimenechi tichimvetse bwino, pakuti ambiri amachikulitsa. Chimachokera m'pangano la ku Vienna la 1961, limene pafupifupi mayiko onse anavomereza. Gawo 22 la panganoli limati apolisi kapena asilikali a dziko lolandira kazembe sangalowe pamalopo popanda chilolezo cha kazembeyo, ndiponso kuti dziko lolandiralo lili ndi udindo wapadera woteteza malowo kuti asathyoledwe kapena kuonongedwa. Anthu amakonda kunena kuti mkati mwa mpanda wa ofesi ya kazembe ndi nthaka ya dziko la kazembeyo. Si choncho, nthaka imakhalabe ya eni dziko, kungoti eni dzikowo anadzimanga manja. Ndipo taonani kuti panganoli likulankhula kwambiri ndi dziko lolandira. Nanga bomba likachokera kwa dziko lachitatu limene likumenyana ndi eni dzikowo? Apo timatembenukira ku malamulo a nkhondo. Iwo amati nyumba yotere ndi ya anthu wamba, siyenera kulozedwa mfuti, ndipo woukira ayenera kuchita zonse zimene angathe potsimikiza kuti chimene akuwombera n'chankhondo. Pakagwa tsoka, maloya amakanganirana pamenepa: kodi anachitadi zonse zimene akanatha?

Tiyeni tiione bwino nkhani ya ku Belgrade, chifukwa mafunso anu onse atatu ali momwemo. Usiku wa pa 7 Meyi 1999, NATO, mgwirizano wa asilikali a America ndi mayiko anzake, ili mkati mophulitsa dziko la Yugoslavia, limene likulu lake linali Belgrade, pa nkhani ya dera la Kosovo, ndege ya B-2 imene inanyamukira ku Missouri m'dziko la America inaponya mabomba asanu otsogoleredwa ndi setilaiti pa nyumba ina ya m'dera la New Belgrade. Mabombawo sanaphonye. Anagwera penipeni pamene anawatuma. Koma nyumbayo inali ofesi ya kazembe wa China. Anthu atatu anafa: Shao Yunhuan wa Xinhua, bungwe lofalitsa nkhani la boma la China, komanso Xu Xinghu ndi mkazi wake Zhu Ying, onse awiri a nyuzipepala ya Guangming Daily. Ena oposa 20 anavulala.

Boma la America linati linkafuna kuphulitsa likulu la nthambi ya boma la Yugoslavia yogula ndi kugulitsa zida zankhondo, yomwe inali mamita mazana angapo kuchokera pamenepo. Amene anasankha malowo anali a CIA, bungwe la ukazitape la America, ndipo mkulu wawo George Tenet anauza aphungu a ku Washington kuti pa nkhondo yonseyo, awa anali malo okhawo amene CIA inasankha n'kuphulitsidwa. Wogwira ntchito wina anali ndi adiresi ya nthambiyo, n'kuyesa kuipeza pa mapu poyerekezera manambala a nyumba za m'misewu yoyandikana, njira yosayenera n'komwe posankha poponya bomba. Analoza nyumba yolakwika. Cholakwacho chikanagwidwa pofananiza ndi mndandanda uja wa malo osawombera, koma m'makompyuta awo ofesi ya China inali ikadalembedwa pamalo ake akale, kutsidya kwa mtsinje, chonsecho inasamuka mu 1996. Chopweteka n'chakuti akazembe a America omwe anali atafikako ku nyumba yatsopanoyo, koma uthengawo sunafike kwa osunga mndandanda. Panalinso wogwira ntchito wina amene anakayikira kuti nyumba yalozedwayo si yomwe ikufunidwa, koma kukayika kwakeko sikunaimitse ndege.

Ku China palibe anaimva nkhani ya mapuyo. Anthu ambirimbiri anazinga ofesi ya kazembe wa America ku Beijing n'kumaigenda, moti kazembe James Sasser anatsekeredwa mkati masiku angapo. Ku Chengdu anayatsa moto nyumba ya woimira America. Pulezidenti wa America Bill Clinton anapepesa poyera, koma Jiang Zemin, pulezidenti wa China, anakana kuyankha lamya yake mpaka pa 14 Meyi. Mu Juni, Thomas Pickering wa ku unduna wa zakunja wa America anapita ku Beijing kukafotokoza mwatsatanetsatane, ndipo boma la China linati zimene wanenazo n'zosakhutiritsa. Mu Okutobala chaka chomwecho nyuzipepala za The Observer ya ku London ndi Politiken ya ku Denmark zinalemba kuti bombalo linali ladala, poti ofesiyo ankaiganizira kuti ikuthandiza asilikali a Yugoslavia kutumiza mauthenga. Maboma a America ndi Britain anakana kwamtuwagalu. Mpaka lero America imati inali ngozi, China imati si ngozi.

Ine pamenepa sindichedwapo, ngakhale ophunzira anga amakonda kutha ola lathunthu akukangana za dala ndi ngozi. Pa nkhani ya udindo wa boma pa zimene lalakwitsa, mawu oti "tinalakwitsa" safafaniza mlandu. Woyendetsa galimoto akagumula mpanda wa mnzake chifukwa chosayang'ana kumbuyo, amamangabe mpandawo, ngakhale atalumbira kuti sanafune. Malamulo a pakati pa mayiko amati chimene achita asilikali kapena akazitape a boma, lachita ndi boma lenilenilo, ndipo dziko lolakwa liyenera kubwezeretsa choonongeka, kulipira, ndi kupepesa kapena kulanga olakwa. Funso la dala kapena ngozi limakhala lolemera pamene tikufuna kumanga munthu payekha.

Tsono kodi ndi nkhondo? Palibe lamulo lonena kuti bomba likagwera ofesi ya kazembe ndiye kuti nkhondo yayambika yokha. Dziko lolakwiridwa limasankha, ndipo lili ndi zosankha zambiri lisanafike pa mfuti. Likhoza kuitana kazembe wa dziko linalo n'kumudzudzula, kubweza kazembe wake kumudzi, kuthamangitsa akazembe, kuimitsa zokambirana, ngakhale kuthetseratu ubale. China inaimitsa maulendo a akuluakulu a asilikali pakati pa mayiko awiriwa, komanso zokambirana za ufulu wa anthu ndi za kufala kwa zida. Inakadandaula ku Security Council, nthambi ya United Nations yoona za mtendere ndi chitetezo, imene inangotulutsa mawu osonyeza chisoni, osati chidzudzulo, chifukwa America, Britain ndi France ali ndi mphamvu yoletsa chigamulo chilichonse kumeneko. Koma China sinathetse ubale. Pa 15 Novembala 1999, patangotha miyezi isanu ndi umodzi, mayiko awiriwa anasainirana pangano lotsegulira China njira yolowera m'bungwe la zamalonda la WTO. Atsogoleri a ku Beijing anaona kuti mkwiyo ndi woyenera, koma msika wa America sangaulekerere.

Zimapita kwina ngati mayiko awiriwo ali kale pa chidani. Pa 1 Epulo 2024 nyumba ya ukazembe wa Iran ku Damascus m'dziko la Syria, yogundizana ndi ofesi ya kazembe, inaphulitsidwa, ndipo munafera akuluakulu a asilikali a Iran kuphatikizapo Mohammad Reza Zahedi. Iran inaloza chala Israel. Panalibe kupepesa, panalibe wotumidwa kukafotokoza, ndipo akuluakulu ena a Israel ankati nyumbayo inali ya asilikali yongovekedwa dzina la ukazembe. Patapita masabata awiri Iran inaponya mizinga ndi ndege zopanda oyendetsa zoposa 300 kulunjika ku Israel. Mukayerekeza nkhani ziwirizi muona kuti chimene chimalamula zotsatira si kukula kwa bomba. Ndi zimene woponyayo anena m'masiku oyamba, ndiponso ngati mayiko awiriwo ali ndi china chimene akuopa kutaya. Muonanso ngozi imene anthu ngati mwana wanu sailamulira: ofesi ya kazembe ikayamba kuganiziridwa kuti ikusunga asilikali kapena zida, woukira amapeza ponamizira.

Tibwere ku funso lakuti anayankha mlandu ndani. Boma la America linalipira. Kumapeto kwa Julayi 1999 linavomera kupereka madola 4.5 miliyoni kwa mabanja a omwalira ndi kwa ovulala, ndipo mu Disembala linavomera madola 28 miliyoni a nyumbayo. Nayo China inavomera kupereka madola 2.87 miliyoni chifukwa cha zimene ochita zionetsero anaononga pa maofesi a America, pakuti paja udindo wa Gawo 22 sutha chifukwa choti anthu ako akwiya, ngakhale mkwiyowo utakhala womveka. Koma mumvetsere mmene America inatchulira ndalama zija. Inati ndi chipukuta misozi choperekedwa mwa kufuna kwake, osati chindapusa cha mlandu umene yavomera. Maboma amaumirira kwambiri pa kusiyana kumeneku, poopa kuti akavomera kamodzi, ena onse amene nyumba zawo zinagwa pa nkhondo yomweyo abwera ndi makalata awo. Zinachitikanso chimodzimodzi pa ndege ya Iran Air imene sitima yankhondo ya America inagwetsa mu 1988, n'kupha anthu 290: mu 1996 America inavomera kupereka madola 61.8 miliyoni kwa mabanja, popanda kuvomera mlandu.

Kwa anthu payekhapayekha, chilango chinali chochepa. Mu Epulo 2000 CIA inachotsa ntchito munthu mmodzi n'kupereka chilango cha muofesi kwa ena asanu ndi mmodzi. Palibe nduna imene inatula pansi udindo, palibe mkulu wa asilikali anaimirira pa bwalo. Komiti imene inaunika nkhondoyi m'malo mwa Carla Del Ponte, woimira boma pa milandu pa khoti la United Nations loona za Yugoslavia, inalangiza mu Juni 2000 kuti pasatsegulidwe kafukufuku: oyendetsa ndege anaponya pamene anauzidwa, ndipo akuluakulu awo anapatsidwa uthenga wolakwika ndi nthambi ina. Khoti la ICC, limene limazenga anthu payekhapayekha pa milandu ya nkhondo, linali lisanayambe, linayamba mu 2002. Maganizo anga ndi akuti apa m'pamene malamulo athu ali ofooka. Cholakwa chikagawidwa pakati pa wojambula mapu, wosunga mndandanda, wovomereza ndi woponya, aliyense amatsala ndi kachidutswa kosakwanira kumumanga, ndipo amene amachotsedwa ntchito ndi wapansi, osati amene analola kuti ntchito iziyenda mosasamala chonchi.

Mwina mukufunsa kuti bwanji China sinangopita ku khoti lalikulu la ku The Hague. Khoti limeneli, la ICJ, limaweruza dziko pokhapokha ngati dzikolo linavomera kale kuweruzidwa pa nkhani yotere. Yugoslavia inayesa kusumira mayiko khumi a NATO mu Epulo 1999, ndipo milandu yonse inathera pakhomo, khoti linati lilibe mphamvu. Pamene khomo lili lotsegula, khotili lakhala likuteteza akazembe molimba. Mu 1980 linagamula kuti Iran inalakwa pa nkhani ya ogwira ntchito pa ofesi ya kazembe wa America amene anagwidwa ku Tehran. Mu 2005 linapeza kuti asilikali a Congo anaphwanya pangano la ku Vienna poukira ofesi ya kazembe wa Uganda ku Kinshasa, ngakhale pa mlandu womwewo Uganda inapezeka yolakwa pa zazikulu zimene inachita m'dziko la Congo. Mexico nayo inathamangira komweko apolisi a Ecuador atathyola ofesi yake ku Quito mu Epulo 2024. Koma milandu yotere imatenga zaka, ndipo wosuma ndi boma, osati banja.

Apa m'pamene pali yankho la funso lanu lomaliza, ndipo ndikuuzani mosabisa. Inu monga banja simungasumire dziko lina ku The Hague. Ku makhoti a kwanu, dziko lachilendo kawirikawiri limatetezedwa kuti lisazengedwe mlandu pa zochita za asilikali ake. Ku makhoti a dziko loponyalo, oweruza amakonda kunena kuti za nkhondo si zawo. Achibale a anthu amene anafa pamene NATO inaphulitsa nyumba ya wailesi yakanema ya Serbia mu Epulo 1999 anapita mpaka ku khoti la ufulu wa anthu la ku Strasbourg, ndipo mu 2001 anabwezedwa mlandu usanamvedwe. Njira imene imagwira ntchito ndi yakuti boma lanu litenge dandaulo lanu n'kulisandutsa lake, n'kukakambirana ndi boma linalo, monga inachitira China. Kuipa kwake n'kwakuti boma lanu ndi limene limasankha kulimbikira kapena kufewa, ndipo limayeza dandaulo lanu pamodzi ndi malonda, ngongole ndi thandizo limene limalandira kuchokera kwa wolakwayo. Dziko losauka likhoza kungolandira chipepeso n'kukhala chete. Ndiye mabanja amene amapindula ndi aja amasunga zikalata, amalemba makalata ku unduna, amafikira aphungu awo, osalola kuti nkhani izizire. Paja mlandu suwola. Pulezidenti wa China Xi Jinping anasankha kufika ku Belgrade pa 7 Meyi 2024, tsiku lenileni lokwanitsa zaka 25, ndipo pamalo pamene panali ofesi ija panamangidwa nyumba ya chikhalidwe cha China.

Pali boma linanso limene anthu amaiwala kulifunsa, ndipo kwa inu ndilo lili pafupi: boma limene linamutuma mwana wanu. Ndilo limasankha kuti ofesi ikhalebe yotsegula kapena itsekedwe, ndilo limasankha otsala ndi obwerera. America inatseka ofesi yake ku Belgrade mabomba asanayambe kugwa mu Malichi 1999. Ku Khartoum m'dziko la Sudan mu Epulo 2023 mayiko ambiri anatulutsa anthu awo nkhondo itabuka mumzinda. Kutsala kumakhala ndi zifukwa zake, monga kuthandiza nzika zimene zili komweko, koma boma losankha kutsala liyenera kuyankha ngati linapereka malo obisalamo, njira yothawira, ndiponso ngati linadziwitsa mbali zonse zomenyana pamene ofesi ndi nyumba za ogwira ntchito zili. Chomalizachi musachione chopepuka. Ndimauza aliyense wopita kumalo a nkhondo kuti afunse ngati malo a ofesi anatumizidwa mwa kalata kwa omenyanawo, makamaka ngati ofesiyo inasamukapo posachedwa. Kungoganiza kuti "akutidziwa" n'kosakwanira.

Ndiye mukamalankhula naye mwana wanu, musamuopseze ndi nkhani ya 1999, iye akuona zambiri kuposa ife. Mufunseni zinthu zogwirika. Kodi anatumizidwa kuchokera ku unduna, kapena analembedwa ntchito komweko? Kusiyana kwake n'kwakukulu, chifukwa olembedwa komweko nthawi zambiri sakhala ndi chitetezo chofanana ndi cha akazembe, ndipo pothawa akhoza kusawerengedwa. Kodi kalata yake ya ntchito ikunena chiyani za kuvulala kapena imfa ali pantchito? Kodi inshuwalansi yake imalipira zovulala za nkhondo? Ma inshuwalansi ambiri amachotsa nkhondo m'timalemba ting'onoting'ono ta kumapeto, ndipo banja limadzazindikira mochedwa. Kodi analemba dzina la ndani ngati wachibale wodziwitsidwa pakagwa kanthu? Akutumizireni makope a zikalata zimenezi, pamodzi ndi la pasipoti yake, musunge pabwino. Ndipo adziwe kuti kupempha kusamutsidwa kapena kubwerera kaye si manyazi. Maunduna ambiri amalola ogwira ntchito osafunikira kwambiri pa nthawi ya nkhondo kuti achoke msanga.

Nthawi yofuna thandizo lina ndi iyi. Ngati mabomba ayamba kugwa m'dera limene muli ofesiyo, mayiko ena akutulutsa anthu awo koma a mwana wanu sakunena kanthu, lembani kalata ku unduna wa zakunja, isakhale lamya yokha, ndipo musunge kope lokhala ndi tsiku. Ngati mwasowana naye kwa masiku ndipo unduna sukuyankha, pitani ku Red Cross ya m'dziko lanu, amagwira ntchito ndi ICRC, komiti ya Red Cross ya padziko lonse, polumikizanitsa mabanja olekanitsidwa ndi nkhondo. Ngati, Mulungu aletse, wavulala, pezani loya wodziwa malamulo a ntchito za boma musanasaine chikalata chilichonse cholandirira ndalama, chifukwa zikalata zina zimakhala ndi mawu otseka njira yodzadandaulanso, ndipo milandu yosumira boma imakhala ndi nthawi yochepa yoikika. Malipoti a dokotala, zithunzi ndi mayina a mboni zisonkhanitsidwe zinthu zikadali zatsopano. Za tulo tanunso musazinyalanyaze, Mayi. Ngati papita masabata mukulephera kugona kapena kudya, kaonaneni ndi dokotala, ndipo mugwirizane ndi mwana wanu nthawi imodzi yokhazikika pa tsiku yoti azikutumizirani uthenga, m'malo mokhalira kutsegula nkhani pa foni usiku wonse.